Momwe mungasankhire alowam'malo oyenera m'Chingerezi

Ife a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga timafika pa Chingerezi titasenza kale zilankhulo ziwiri: Chichewa cha pakhomo ndi Chipwitikizi cha kusukulu. Pa nkhani ya alowam'malo, mawu olowa m'malo mwa dzina monga "iye", chilichonse chili ndi msampha wake. Kaya mukugulitsa mbatatesi pamalire a Calómuè kapena mukufunsira ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize, tsatirani izi.

Choyamba, dzifunseni: ndikunena mwamuna, mkazi kapena chinthu? "Iye" wathu sasankha, n'chifukwa chake munthu amatha kuwatcha amayi ake "he" osazindikira. Apa tsamirani Chipwitikizi: "ele" ndi "he", "ela" ndi "she". Koma musapite nacho patali. Kwa Apwitikizi tebulo ndi "ela", pomwe m'Chingerezi tebulo, thumba ndi njinga zonse ndi "it". Zikachuluka, anthu kaya zinthu, ndi "they".

Chachiwiri ndi umwini, ndipo apa m'pamene ambiri timagwa, ngakhale ophunzira bwino. "Seu" ndi "sua" a Chipwitikizi amatsata chinthucho. "Yake", "chake" ndi "lake" nawonso amatsata chinthucho. Koma Chingerezi chimayang'ana mwini wake. Njinga ya bambo ndi "his bicycle", njinga yomweyo ikakhala ya mayi ndi "her bicycle". Ndiye mkazi wa munthu ndi "his wife", mwamuna wake wa mayi uja ndi "her husband". Poyamba zimamveka ngati zatembenuzika, koma n'zolondola.

Kenako onani ngati munthuyo akuchita kapena akuchitiridwa. Wochita ndi "I, he, she, we, they". Wochitiridwa ndi "me, him, her, us, them". Mukakayikira pa chiganizo chokhala ndi anthu awiri, chotsanimo mnzanuyo. "My brother and me went" chikusanduka "me went", ndipo khutu likukana. Choyenera ndi "My brother and I went".

Ulemu wathu usiyeni pakhomo pang'ono. Timati "agogo abwera", koma agogo amodzi ndi "he" kapena "she". Mukati "they", Mngerezi adikira gulu. "You" ndi iwe komanso inu, choncho palibe mwano kunena "you" kwa bwana kapena kwa amfumu.

Pomaliza, mlowam'malo musamusiye kumbuyo. "Está a chover" (kukugwa mvula) ndi chiganizo chokwanira, "ndabwera" chimodzimodzi, chifukwa mneni wanyamula kale wochitayo. "Is raining" n'chopunduka. Nenani kuti "It is raining", ngakhale palibe amene angakulozereni "it" ameneyo.