Sikuta yatsopano, koma petulo akudontha

Patangotha masiku atatu ndigulireni sikuta yanga, ndinadzuka n'kupeza pansi pake patanyowa, fungo la petulo lili ponseponse. Ndinkaganiza kuti thanki yabooka, koma inali youma bwinobwino. Mapaipinso analibe ming'alu.

Ndinapukuta injini yonse, n'kuyala katoni pansi kuti ndione pomwe madontho akugwera. Ankachokera pa kapaipi kotayira mafuta akasefukira mu kabyuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya). Apa ndinadziwa kuti float (kachipangizo koyandama kamene kamatseka mafuta kabyuleta ikadzaza) yakakamira, sikutsekanso mafuta. Nditagogoda kabyuletayo pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva kudontha kunasiya, koma m'mawa mwake kunayambiranso.

Injini itazizira (petulo si woseweretsa), ndinamasula kabakuli ka pansi pa kabyuletayo, ndipo pa kasingano kotsekera panali timchenga. Ndinatsuka, n'kuika fyuluta yatsopano pa paipi yochokera ku thanki. Mpaka lero pansi ndi pouma.