VPN Yodziikira Nokha Kapena Yolipira: Zimene Mmalawi Wokhala Kunja Ayenera Kuganizira

Abale ambiri amene anachoka kuno ku Mzuzu kukagwira ntchito ku Johannesburg, Dublin kapena Dubai amafunsa ngati kuli bwino kulipira kampani ya VPN mwezi ndi mwezi, kapena kudziikira seva yawoyawo, kutanthauza kompyuta yokhala kwina imene intaneti yawo imadutsirapo. Yankho lake limadalira chimene munthu akufuna kuti VPN imuchitire. Ntchito yake ndi kubisa zimene foni kapena kompyuta yanu ikutumiza ndi kulandira kuchokera pamene muli kukafika pa seva, ndipo mawebusaiti amene mukutsegula amaona adiresi ya IP (nambala yozindikiritsa chipangizo pa intaneti) ya sevayo m'malo mwa yanu. Ena amaifuna kuti atetezeke pa Wi-Fi ya anthu ambiri, pomwe ena amaifuna kuti aoneke ngati ali ku Malawi. Zosowa ziwirizi n'zosiyana kwambiri.

Ngati vuto lanu ndi Wi-Fi ya pabwalo la ndege, ya kunyumba yogona antchito ambiri kapena ya kuntchito, VPN yolipira ndiyokwanira, ndipo ine ndimalangiza anthu ambiri kuyambira pamenepa. Mullvad ya ku Sweden imalipiritsa mayuro 5 pamwezi ndipo sifunsa imelo, imangokupatsani nambala ya akaunti. Proton VPN ya ku Switzerland ili ndi gawo laulere lomwe munthu angayesere asanatulutse ndalama. Ubwino wa makampani otere ndi wakuti anthu ambirimbiri amatulukira pa adiresi imodzi, choncho n'kovuta kuloza kuti uyu ndi uje. Chenjerani ndi ma VPN aulere osadziwika mwini wake amene adzaza pa Play Store, chifukwa zonse zimene mukuchita zimadutsa m'manja mwawo. Mukaona mtengo wotsika wa zaka ziwiri, werenganinso mtengo umene adzakuduleni pakhadi nthawiyo ikadzatha.

Njira yachiwiri ndi kubwereka seva kwa makampani ngati Hetzner, DigitalOcean kapena Vultr, pamtengo wa madola pafupifupi 5 pamwezi, n'kuikapo WireGuard, pulogalamu yaulere ya VPN imene inalowa mu Linux (pulogalamu yoyendetsa makompyuta) mu 2020. Vultr ili ndi maseva ku Johannesburg, zomwe zimathandiza amene ali ku South Africa kuti intaneti isachedwe. Makiyi achinsinsi olowera mu VPN-yo amakhala m'manja mwanu, ndipo mukhoza kupatsa akazi anu kapena amuna anu ndi ana kiyi wawo popanda kuwonjezera ndalama. Koma pano ndi pamene ambiri amasokonezeka. Seva yotere sikubisani, popeza adiresi yake ndi yanu nokha ndipo munailipira ndi khadi lokhala ndi dzina lanu. Makampani oonetsa mafilimu nawonso amazindikira msanga maadiresi a maseva obwereka. Komanso ntchito yoika zokonza zatsopano ndi kutseka zitseko za seva ndi yanu, ndipo ikagwa usiku palibe amene mungamuimbire. Munthu amene amaweruka atatopa kuchokera kosamalira okalamba kapena kumunda sayenera kudzisenzetsa katundu ameneyu pokhapokha ngati amaikonda ntchito ya makompyuta.

Nkhani imasintha ngati chimene mukufuna ndi adiresi ya ku Malawi. Musanalipire kampani iliyonse, yang'anani mndandanda wa mayiko ake, chifukwa dzina la Malawi silipezeka kawirikawiri. Njira yodalirika ndi kuika kachipangizo kunyumba kwanu ku Chibavi, Luwinga kapena Mchengautuwa, kaya ndi kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi kapena laputopu yakale, kuti intaneti yanu izitulukira kumeneko. Chopinga choyamba n'chakuti intaneti ya pasimu khadi nthawi zambiri imagawira makasitomala ambiri adiresi imodzi, njira imene akatswiri amaitcha CGNAT, kotero kuti simungafike mwachindunji pa rauta ya kunyumba muli kunja. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, imachitanso chimodzimodzi kwa makasitomala wamba. Pulogalamu ya Tailscale, yomangidwa pa WireGuard, imadutsa chopinga chimenechi: mumaiika pa foni yanu ndi pa chipangizo cha kunyumba, kenako n'kusankha cha kunyumbacho kuti chikhale exit node, kutanthauza potulukira intaneti yanu.

Ngakhale zitatheka, werengerani bwino mtengo wake weniweni. Chilichonse chimene mutsegula muli kunja chimalowa kaye pa rauta ya ku Mzuzu, kenako n'kutulukanso kubwera kwa inu, kutanthauza kuti bandulo ya kunyumba imadyedwa kawiri. Liwiro limene mudzalione ndi liwiro lotumizira la netiweki ya kunyumbako, lomwe kawirikawiri limachepa poyerekeza ndi lolandirira. Kuonera mpira kudzera m'njira imeneyi n'kumaliza bandulo ya banja lonse m'masiku ochepa. Magetsi nawo ndi nkhani ina. Ambiri mwa magetsi athu amachokera pamtsinje wa Shire, ndipo namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Laputopu yakale imaposa Raspberry Pi chifukwa ili ndi batire yakeyake, koma rauta ikazima zonse zaima. Ngati mudalira sola, kumbukirani mitambo ndi mvula yowaza ya kuno m'miyezi yozizira, ndipo gulani batire yokulirapo.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi munthu amene adzasunge chipangizocho. Kuyambira mu 2018 simu khadi iliyonse m'Malawi imalembetsedwa m'dzina la mwini wake, choncho zonse zimene mukuchita muli kutali zidzaoneka ngati zikuchokera pa nambala ya amayi anu kapena ya achimwene anu. Afotokozereni zimenezi momveka asanavomere, musapereke kiyi kwa anzanu a kuntchito, ndipo tumizani ndalama ya bandulo ndi ya mayunitsi a magetsi musanapemphedwe. Matani kapepala pachipangizocho kosonyeza chingwe choyenera kuzula ndi kubwezeretsa chikaima, kuti asamavutike nthawi iliyonse mukaimba.

Musanagule kalikonse, onetsetsani kuti vuto lanu ndi la adiresi ndithu. Ambiri amene amalephera kulowa mu akaunti yawo ya kubanki amakhala kuti sakulandira nambala yachinsinsi yobwera pa SMS, ndipo VPN singathandize pamenepo. Chofunika ndi kusunga simu khadi yanu ya TNM kapena Airtel ikugwira ntchito, kutsegula roaming, ndi kudziwitsa banki yanu kuti muli kunja.

Kwa amene muli ku United Arab Emirates, kumene kuimba foni pa WhatsApp kunatsekedwa, dziwani kuti lamulo la kumeneko limalanga munthu wogwiritsa ntchito VPN pochita kapena kubisa mlandu, ndipo silisiyanitsa seva yolipira ndi yodziikira. Poyankhula ndi a kumudzi, gwiritsani ntchito mapulogalamu ololedwa monga Botim, ndipo pemphani abale anu kuno kuti nawonso aiike pa foni zawo.