Momwe mungabzalire viburnum kuti akupatseni maluwa

Anthu ambiri amabzala viburnum (chitsamba cha maluwa chokongoletsa pakhomo), chitsambacho n'kukula bwinobwino, masamba obiriwira, koma chaka n'kutha osaona duwa ngakhale limodzi. Nthawi zambiri vuto limayambira pa mtundu umene asankha kapena pa nthawi yodulira.

Yambani ndi kusankha mtundu. Viburnum ali ndi mitundu yoposa 150, ndipo sikuti yonse imachita bwino paliponse. Ngati kwanu kumatentha, funsani Viburnum odoratissimum wochokera ku Asia. Sayoyola masamba, amakula msanga mpaka kupitirira mamita 5, ndipo amapanga mpanda wothithikana. Viburnum tinus, wa m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, amachita maluwa oyera nyengo yozizira, kenako tizipatso ta buluu wodera. Koma Viburnum opulus 'Roseum', uja wa maluwa oyera obulungira ngati mpira, amafuna chisanu chenicheni. Kumalo otentha angokuvutitsani, ndipo ine sindingakulangizeni kutaya ndalama pa iyeyu.

Malo akhale ofika dzuwa la m'mawa, masana kamthunzi pang'ono. Chimene viburnum amadana nacho kwambiri ndi madzi odikha, chifukwa mizu imaola.

Kumbani dzenje lotambalala kuwirikiza kawiri chubu chimene mbande yabwera nacho, koma kuya kwake kungofanana ndi chubucho. Sakanizani dothi ndi manyowa owolerana bwino. Chotsani chubu mosamala, masulani mizu yopiringizana ndi zala, ikani mbande osaikwirira kupitirira pamene dothi linalekezera poyamba. Mukafuna mpanda wa odoratissimum, talikitsani mbande mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Poyamba mipata ioneka yaikulu, koma nthambi zidzakumana zokha. Kubzala mvula ikayamba kumachepetsa ntchito yothirira.

Mukatha, thirirani mokwanira ndipo phimbirani nthaka ndi udzu wouma kapena masamba, masentimita 5 mpaka 8, osagunditsa tsinde. Chaka choyamba musalole dothi kuuma gwa.

Tsopano kudulira, pamene ambiri amaphonya. Mitundu yambiri ya viburnum imakonzeratu maluwa a chaka chamawa pa nthambi zimene zakula kale. Munthu akaona chitsamba chatuwa, amatenga sizasi nyengo ya maluwa itayandikira, n'kudula maluwa onse asanatuluke osadziwa. Dikirani maluwa afote, pamenepo ndiye dulirani. Chotsani nthambi zouma, zokhudzana ndi zolowa m'kati, ndipo chitsamba chikakalamba, dulani nthambi zakale imodzi mwa zitatu zilizonse pafupi ndi nthaka kuti zatsopano ziphuke. Ngati mukufuna zipatso zokongoletsa, siyani maluwa ena ofota, ndipo dziwani kuti mitundu yambiri imabereka bwino pakakhala chitsamba china cha mtundu womwewo chapafupi, chosachokera ku tsinde limodzi. Ana auzidwe kuti asadye zipatsozi, chifukwa zina zosaphika zimatsegula m'mimba.

Masamba anthete akayamba kupindika ndi kumata, yang'anani kunsi kwake, mupeza nsabwe. Zitsukeni ndi madzi amphamvu kapena madzi a sopo wochepa, madzulo dzuwa litapepa.

Kuchulukitsa n'kosavuta. Dulani kanthambi kosakhwimitsitsa ka masentimita 10 mpaka 15, thotholani masamba akumunsi, zikani mu mchenga wonyowa pamthunzi. Pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, kokani pang'ono. Kakamakana kutuluka, ndiye kuti mizu yagwira, mutha kusamutsira m'chubu.