Momwe mungadziwire mtundu wa nambala yaikulu: chitsanzo cha 33,550,336

Nambala yaikulu imangoopsa pongoiona, koma mukaiphwanya mwadongosolo imaulula yokha mtundu wake. Tengani pepala ndi cholembera, tiyese ndi 33,550,336.

Yambani ndi dijiti yomaliza. Pano ndi 6, choncho nambalayi imagawika ndi 2 popanda chotsala, koma osati ndi 5 kapena 10. Kenaka phatikizani madijiti onse, 3+3+5+5+0+3+3+6, mupeza 28. Popeza 28 sagawika ndi 3, nambala yonseyonso singagawike ndi 3 kapena 9.

Chachiwiri, gawani ndi 2 mobwerezabwereza, mukulemba yankho lililonse pamzere wakewake: 16,775,168, kenaka 8,387,584, mpaka kugawako kutakanika. Muziika kachizindikiro pambali nthawi iliyonse, chifukwa ambiri amasokonekera pa kuwerenga maulendo, osati pa kugawa. Paulendo wa 12 mufika pa 8,191.

Apa ndiye pagona ntchito. Muyenera kutsimikiza ngati 8,191 ndi nambala ya prime, ndiko kuti yogawika ndi 1 ndi iyo yokha basi. Simukufunika kuyesa nambala zonse. Popeza 91 kuchulukitsa ndi 91 ndi 8,281, kupitirira 8,191, nambala ina yoigawa ikanakhalapo bwenzi itapezeka musanafike pa 91. Yesani ma prime okha kuyambira 2 mpaka 89, omwe alipo 24. Mwachitsanzo, 7 kuchulukitsa ndi 1,170 ndi 8,190, ndipo patsala 1. Ndi 13 patsalanso 1. Palibe imodzi imene imalowamo bwino, kotero 8,191 ndi prime. Musadumphe gawoli ngakhale likutopetsa, chifukwa zotsatira zonse zatsamira pamenepa.

Tsopano werengani nambala zonse zoigawa. Onjezerani 1 pa maulendo a prime iliyonse, nkuchulukitsa: 2 yalowa maulendo 12 ndipo 8,191 kamodzi, choncho 13 kuchulukitsa ndi 2, zilipo 26. Kuti mupeze chiwonkhetso chake, phatikizani 1, 2, 4, 8 mpaka 4,096, zimene zikupereka 8,191, ndipo muchulukitse ndi 8,192, yomwe ndi 1 kuphatikiza prime ija ya 8,191. Yankho ndi 67,100,672.

Pomaliza chotserani nambala yathu ija pa yankholo. Chotsalacho ndi chiwonkhetso cha zoigawa zonse kupatula iyo yomwe, ndipo chikachepa poyerekeza ndi nambalayo, monga zimachitikira ndi 10 pamene 1+2+5 ndi 8, akatswiri amati nambalayo ndi yoperewera. Chikapitirira, monga pa 12 pamene 1+2+3+4+6 ndi 16, ndi yosefukira. Koma pano chotsala ndi 33,550,336 yomweyo, ndipo nambala yotere amaitcha yangwiro. Zoterezi ndi zosowa kwambiri: iyi ndi yachisanu, pambuyo pa 6, 28, 496 ndi 8,128.

Euclid wa ku Alexandria anasonyeza njira yopangira nambala zangwiro cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, ndipo m'zaka za m'ma 1700 Leonhard Euler anatsimikiza kuti zonse zogawika ndi 2 zimatsata njira imeneyo. Yangwiro yosagawika ndi 2 palibe amene waipeza mpaka lero, ngakhale makompyuta afufuza kutali zedi.