Noah Ikamavuta Kulira Kapena Kutsamwa Pokoka: Poyambira Pake

Ma Noah, ma Voxy ndi ma Sienta akale amene amayenda pakati pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula amadwala mofanana: m'mawa kuvuta kulira, masana kutsamwa mukaponda moto. Ambiri amathamangira kugula mapulagi kapena pampu ya mafuta chifukwa mnzawo pa siteji wanena choncho. Musanatulutse ndalama, mvetserani kaye chimene galimoto ikuchita mukapotokola kiyi.

Ikangoti "tha" kamodzi, kapena "tatata" injini osazungulira, mlandu ndi wa magetsi, mafuta asiyeni. Pimani batire ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, galimoto itagona usiku wonse. Yodzadza imaonetsa 12.6V, ikafika 12.2V yatsala theka. Wina alize inu mukuyang'ana: ikagwa pansi pa 9.6V, batireyo yatopa. Injini ikalira pazioneka 13.8V mpaka 14.4V, zikachepa, alitineta siikutchaja kapena lamba wake wakhwepa. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala kuno, lija limapyola madigiri 40, limaumitsa madzi a batire msanga. Ngati ndi batire ya zivindikiro, iyang'aneni mwezi uliwonse ndipo muzithira madzi a batire ogula. Asidi ayi, a pamjigonso ayi, poti mijigo yambiri m'chigwa muno ndi yamchere. Mitu ya batire ikachita zoyera ngati ufa, itsukeni ndi soda ndi madzi ofunda, mumange ndi sipanala ya 10. Muonenso waya wa ethi wopita ku bodi ndi ku injini. Ukachita dzimbiri, ngakhale batire yatsopano imaoneka ngati yakufa.

Batire ikakhala bwino koma sitata n'kumangoti "tha", makamaka injini itatentha, mabulashi a sitata atha kapena solenoid, switch ya magetsi yokhala pa sitatapo, yapsa mkati. Ikalira mutaigogoda ndi chitsulo, mwapeza wolakwa, koma simunachiritse. Ngati ndi ya automatic, yesaninso giya ili pa N. Ikalira pamenepo, vuto ndi switch ya giya.

Injini ikazungulira bwino koma osagwira, pali chosowa: moto wa pa mapulagi kapena mafuta. Chotsani koyilo imodzi, kachipangizo kopereka moto ku pulagi, lowetsanimo pulagi, igundanitseni ndi chitsulo cha injini, wina alize. Moto wabwino ndi wabuluu, wothetheka. Ukasowa pa mapulagi onse, onani mafyuzi, kenaka crank sensor, sensa youza kompyuta ya galimoto mmene injini ikuzungulirira. Sensa imeneyi ikamatha imachita zaufiti: galimoto imazima yokha itatentha, mukaisiya pamthunzi theka la ola imaliranso ngati palibe chachitika.

Moto ulipo? Pitani ku mafuta. Tsegulani chivindikiro cha thanki, ikanipo khutu, wina ayike kiyi pa ON. Pampu imamveka kung'ung'udza kwa masekondi awiri kapena atatu. Pa ma Toyota ena akale imayamba pokhapokha mukuliza, choncho musaiweruze msanga. Ikakhala zii, sinthanitsani relay yake, kaswitch kotsegulira magetsi opita ku pampu, ndi ina yofanana nayo m'bokosi la mafyuzi musanagule pampu.

Kutsamwa pokoka ndiko kumadya ndalama zambiri, chifukwa zoyambitsa zake n'zofanana maonekedwe. Funso ndi lakuti, ikutsamwa liti? Ngati pachidikha ikuyenda bwino koma pokwera zitunda zochoka pa Thabwa kupita ku Blantyre ikufooka, kudukiza, mukachepetsa moto n'kuyambanso kukoka, mafuta sakufika okwanira. Fyuluta yatsekeka kapena pampu yafooka. Pampu imakhala m'thanki ndipo amaiziziritsa ndi petulo yemweyo, ndiye chizolowezi chothira wa malita awiri awiri, kagetsi ka mafuta kakuyaka tsiku lonse, chimaipha msanga. Thanki isamatsike kupyola kota. Pa ma Noah oyambira 2001 ndi pa ma Sienta fyuluta ili m'thanki momwemo limodzi ndi pampu, musavutike kuifuna pansi pa bonati. Ndipo ngati munathira petulo wa m'zigubu, tapaniko pang'ono m'botolo loonekera mkati, mulisiye mphindi khumi. Madzi amakhala pansi, petulo pamwamba, mzere wake woonekeratu. Akapezeka, thanki itsitsidwe, itsukidwe; kusintha fyuluta yokha n'kutaya ndalama.

Ikamagwedezeka ngati ikuyendera masilinda atatu, yang'anani mapulagi. Lakuda ndi mwaye wouma, petulo akuchuluka. Lonyowa ndi oyilo, injini ikudya oyilo. Loyera mbuu, petulo akuchepa. Mpata wa pulagi pa injini zambiri za Toyota zoterezi ndi 1.1mm, koma a iridium musawapinde. Pofuna kudziwa koyilo yakufa, isamutsireni pa silinda ina muone ngati vuto lasamuka nayo.

Ikamazengereza mukangoponda moto pochoka, kapena kaliridwe ka injini galimoto itaima (idle) kakamakwera n'kutsika, ganizirani mpweya. Fumbi la m'misewu yolowera m'midzi limatseka fyuluta ya mpweya m'masabata ochepa. Iyang'anitseni kudzuwa, kuwala kukapanda kudutsa, isintheni. Pa magalimoto ambiri, kuseri kwake kuli sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, yokhala ndi tiwaya topyapyala ngati tsitsi. Ipopereni mankhwala ake enieni, iume yokha, osaikhudza ndi nsanza. Tsukaninso throttle body, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini mukaponda moto, makamaka pa injini ya 1AZ-FSE ya ma Noah ndi ma Voxy a 2001 mpaka 2007, imene imaunjika mwaye kwambiri. Mapaipi a labala amauma ndi kutentha n'kung'aluka kunsi kumene diso silifika. Apindeni ndi zala, mukumvetsera kakulira ka "sii".

Getsi la check engine likayaka, ikitsani galimoto pa kompyuta. Pa manambala amene kompyutayo imaonetsa, P0301 mpaka P0304 ikutchula silinda imene ikuphonya, P0171 ikunena kuti mpweya wachuluka kuposa petulo, P0335 ndi crank sensor ija. Timakina tina totchipa sitiwerenga magalimoto akale ochokera ku Japan, choncho kakakana kulumikiza, yesani kwa makaniko wina amene ali ndi makina owerenga Toyota.