Galimoto zikagundana: momwe mungachitire kuti wolakwa adziwike ndi galimoto ikonzedwe bwino

Phokoso la kugundana likangotha, ambiri amatuluka m'galimoto n'kuyamba kulozana zala. Kukuwa sikupambanitsa mlandu. Wolakwa amadziwika ndi umboni, ndipo umboni wa pamsewu suchedwa kufufutika.

Choyamba, imani, zimitsani injini, yatsani ma hazard (magetsi ophethira ochenjeza) ndipo ikani ma triangle (zizindikiro zonyezimira za ngodya zitatu) kutsogolo ndi kumbuyo kuti ena asadzakuwombeninso. Onani ngati pali wovulala. Amene akudandaula khosi kapena msana musamunyamule mwachisawawa, pokhapokha pali moto. Kenako imbirani apolisi.

Chachiwiri, jambulani galimoto zisanasunthidwe. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amajambula bampala yophwanyika ali pafupi, chithunzi chongosonyeza kuti pawonongeka, osati amene walakwa. Bwererani m'mbuyo, mujambule msewu wonse, mizere yake, zikwangwani, maloboti, pamene pagwera magalasi, ndi mikwasa ya matayala pa phula. Lembani nambala ya galimoto inayo, dzina la woyendetsa, laisensi ndi inshuwalansi yake. Mboni zitengeni manambala a foni nthawi yomweyo, chifukwa gulu likabalalika aliyense amati sanaone kanthu.

Chachitatu, gwirani pakamwa. Kufunsa mnzanu ngati ali bwino ndi umunthu, koma mawu oti "ndalakwa ndine" musawatulutse mtima ukadali m'mwamba. Apolisi auzeni zimene mwaona, basi.

Nanga mlandu umagwera ndani? Kawirikawiri wogunda kumbuyo ndiye amausenza, chifukwa amayenera kusiya mpata wokwanira kuimira. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, phazi lisanafike n'komwe pa buleki. Wolowa mumsewu waukulu osadikira, wodutsa loboti itafiira, ndi wopitirira mnzake pa mzere wosadukiza nawonso savuta kuwapeza olakwa. Nthawi zina mlandu umagawidwa pawiri. Ndipo zoti "mabuleki anakana" sizipulumutsa munthu kwenikweni, popeza kusamala galimoto ndi udindo wa mwini wake. Chimodzimodzi matayala osalala: m'maiko ambiri mizere ya tayala isachepere mamilimita 1.6 kuya kwake.

Chachinayi, dziwitsani a inshuwalansi msanga, ndipo musakonzetse iwo asanaione galimotoyo.

Tsopano ku galaja. Chopindika chooneka ndi maso si chimene chimavuta. Galimoto yogunda kutsogolo imatha kuboola redieta (choziziritsira madzi a injini) pang'ono chabe, madzi n'kumadontha mwakachetechete mpaka injini kutentha. Suzumirani pansi musanailize, ndipo chotsekera redieta musachitsegule injini ili yotentha. Ikamakokera mbali imodzi, kapena chiwongolero chikapendekera pamene mukuyenda mowongoka, mwina tie rod (chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi matayala akutsogolo) yapindika kapena alayimenti (kaimidwe koyenera ka matayala) yasokonekera. Mukazisiya, tayala limadyeka mbali imodzi. Zitseko zikamavuta kutseka, kapena mpata wa boneti ukasiyana uku ndi uku, kayikirani shasi, chimango cha galimoto. Imeneyo imafuna makina oyezera, osati nyundo ndi maso. Airbag (thumba la mpweya loteteza anthu pa ngozi) ikaphulika sibwezeredwa m'malo mwake, imafunika yatsopano, ndipo malamba amene anakoka pa ngoziyo nawonso amasinthidwa. Pali amakaniko ena amene amangozimitsa kanyali kochenjeza za airbag n'kumata pamalopo, amenewo athaweni.

Mtengo wa ntchito ulembedwe asanayambe, chipangizo chilichonse pachokha, ndipo zinenedwe poyera ngati akuika zatsopano kapena zakale. Zimene achotsa akubwezereni.

Tsiku lokatenga, pitani masana dzuwa likuwala kuti muone ngati penti yafanana. Yendetsani kamaginito pamene anawongola: pa bodi ya chitsulo, kakakana kumata ndiye kuti anangodzaza phala lochindikala. Iyendetseni kaye, muponde mabuleki kangapo, muyese magetsi onse, kenako ndiye mulipire.