Khola la nkhuku 160 musalowetsemo 350

Anapiye a nkhuku za nyama zodzagulitsa pa Khirisimasi akalowa m'makola, vuto lomwe limaoneka kawirikawiri ndi kuthithikana. Alimi ambiri amaoda anapiye poyang'ana ndalama zomwe zili m'thumba, khola osaliyeza. Mwanapiye wa tsiku limodzi amalemera magalamu pafupifupi 40, ndiye 350 amangodzaza pangodya, mwini wake n'kumati malo alipo ambiri. Ikamafika sabata yachisanu, nkhuku iliyonse imakhala ikuyandikira makilogalamu awiri pomwe khola likadali lomwe lija.

Masamu ake ndi osavuta. M'khola la mawaya m'mbali, lodalira mphepo yachilengedwe, sikweya mita imodzi imakwana nkhuku 10 zikakula. M'nyengo yotentha, makamaka ku Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Mangochi, zisapitirire 8. Khola la mamita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi ndi masikweya mita 20, kutanthauza nkhuku 160, mwina 200 m'miyezi yozizira ya June ndi July. Zoonjezera pamenepo mukuzigulira chakudya kuti mudzazikwirire.

Ena amati makampani akuluakulu amathithikiza kuposa pamenepa koma nkhuku zawo zimadzaza m'masitolo. Inde, koma makola awo ali ndi mafani okoka mpweya usana ndi usiku, mapaipi a madzi, ndi majenereta oyaka magetsi akangothima. Ngakhale kumeneko nkhuku zolumala miyendo ndi za zilonda kumapazi sizisowa, chifukwa mbalame yokula msanga chotere ikamangokhala malo amodzi miyendo imalephera kunyamula thupi. Mlimi wakumudzi akutengera chiwerengero chokha, pansi pa denga la malata lalifupi loti munthu amawerama polowa.

Nkhuku situluka thukuta. Thupi lake limakhala pa madigiri 41, ndipo ikatenthedwa imadziziziritsa poyasamula kukamwa, kupuma wefuwefu ndi kutambasula mapiko kuti mphepo ipite m'thupi. Itambasula bwanji mapiko inzake itaigunda mbali zonse? Kunja kukapitirira madigiri 30 imachepetsa kudya. Kukatentha kuposa apo zimayamba kufa masana, cha m'ma 2 kapena 3 koloko, ndipo zoyamba kugwa ndi zikuluzikulu zomwe mumayembekezera kugulitsa pamtengo wabwino. Nkhuku yakufa pa sabata yachisanu imakhala itadya makilogalamu oposa atatu a chakudya. Zikafa 50, matumba atatu a makilogalamu 50 apita pachabe, osawerengera mtengo wa anapiye, katemera ndi makala otenthetsera m'masiku oyamba aja.

Pansi napo pamaonongeka. Zitosi zikachuluka utuchi umanyowa n'kuuma chigamba pamwamba, ndipo umatulutsa mpweya wa amoniya. Mukalowa m'khola maso n'kuyamba kuyabwa, dziwani kuti nkhuku, zomwe mphuno zake zili pafupi ndi utuchiwo, zakhala zikuupuma kwa masiku. Zotsatira zake ndi chifuwa, zilonda pachidale ndi kumapazi, komanso matenda a chitosi cha magazi omwe amakonda chinyezi. Zing'onozing'ono sizifika pa chodyera, ndiye pogulitsa mumapeza ina ya makilogalamu awiri, ina yosakwana ndi imodzi ndi theka yomwe, mavenda n'kukupatsani mtengo wa yaing'onoyo.

Mayi wina wa m'mbali mwa nyanja anaika anapiye 300 m'khola lomwe chaka chatha munali 150. Zitayamba kufa anathamangira kukagula mankhwala a oxytetracycline, poganiza kuti ndi chitopa. Anamwetsa sabata yathunthu, kufa osasiya. Tsiku lina mwana wake anaiwala kutseka chitseko, nkhuku zina n'kutulukira pansi pa mtengo wa mango, ndipo masana amenewo palibe yomwe inafa mwa zotulukazo. Mayiyo akuti, "Ndimayesa matenda, osadziwa kuti ndikuziwotcha ndekha."

Chizolowezi chothira mankhwala m'madzi pa chilichonse chatikwana. Mankhwala sachotsa kutentha ndipo sakulitsa khola. Choipa kwambiri, ena amamwetsa lero n'kugulitsa mawa, osadikira masiku omwe alembedwa papaketi, zotsalira za mankhwalawo n'kukalowa m'matupi a ogula. Zakufa nazo zikutayidwa kuseri kwa nyumba komwe agalu ndi nkhuku za lokolo za anansi zimafika. Ngati munalidi chitopa, mudzi wonse watha nkhuku, ndipo ntchentche ndi fungo zayambanitsa kale mabanja ambiri mpaka kukafika kwa amfumu.

Amene mwalowetsa kale zochuluka, patulani tsopano isanakwane sabata yachitatu. Mangani chisakasa china cha udzu, kapena yambani kugulitsa zikuluzikulu zikangofika masiku 28 mpaka 30 kuti zotsala zipeze malo. Chotsani masaka omwe mwatchinga m'mawaya, yalani udzu pamwamba pa malata. Madzi azikhala ozizira, osinthidwa masana, chomwera chachikulu chimodzi pa nkhuku 50 ndi chodyera chimodzi pa nkhuku 30. Kwezani zodyera dzuwa likafika pamutu, muzitsitse kukazizira. Utuchi kapena mankhusu a mpunga akhale okhuthala masentimita 5 mpaka 10, ponyowa pafosholedwe tsiku lomwelo. Zakufa kwirirani m'dzenje lakuya kapena kuziwotcha, ndipo zikamafa ngakhale m'mawa kukuzizira, itanani alangizi a ziweto a ku EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu) musanagule mankhwala aliwonse.